Ndowa yomwe tinatsala pang'ono kukhuthula

Kuseri kwa hositelo ya atsikana, pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala, pali ndowa yakale yabuluu yobooka kunsi. Ambiri a inu mwaidutsapo kangapo. Amene munaiona mu Ogasiti munangoona dothi louma lokhalokha, ndipo ena munatifunsa ngati tayamba kuumba njerwa. Amene mwaiona mwezi uno mwaona masamba ataliatali obiriwira akulendewera m'mbali mwake. Ndowayo ndi yathu, ife anayi a chipinda chimodzi, ndipo chomera chili m'menemo chinatitengera miyezi yambiri kuti tichidziwe dzina. Tikufuna tikuuzeni mmene zinayendera, ndi zolakwa zathu zomwe, chifukwa pamapeto pake tili ndi pempho kwa inu.

Unali mwezi wa Januwale chaka chatha, masana a Sabata. Titadya nkhomaliro tinakwera kaphiri ka kuseri kwa koleji monga timachitira kawirikawiri. Awiri mwa ife ankakonzekera honor ya Pathfinder yokhudza ma fern, ndipo ankafunika kupeza mitundu ingapo n'kuizindikira. Ena awirife tinangowaperekeza. Mvula inali itagwa usiku wonse. Pansi pa mitengo ya mombo, mchenga ndi masuku pankamveka fungo la masamba owola, ndipo tinakumana ndi ana a m'mudzi wapafupi atanyamula timabeseni ta bowa.

Kwa amene dzinali ndi lachilendo, fern ndi chomera chosachita maluwa, chosabereka zipatso, chopanda njere. Tsamba lake lanthete limatuluka m'nthaka litadzipinda ngati bongololo amene wamukhudza ndi kamtengo, kenako limafunyululuka pang'onopang'ono mpaka kuwongoka. Padziko lonse pali mitundu yopitirira 10,000. Kwathu kuno ambiri timangoti ndi udzu, ndipo tikamalima timaugwebana ndi khasu osayang'ana kawiri. Ife tinkaganiza kuti ma fern ndi a m'mapiri onyowa okhaokha, monga ku Zomba ndi ku Mulanje, komwe m'mphepete mwa mitsinje mumamera ena aatali ngati mitengo. Sitinkayembekezera zambiri pa kaphiri kathu ka miyala, komwe mu Okutobala ngakhale mbuzi zimasowa chodya.

Tinamupeza pansi pa mtengo wa msuku, pakati pa miyala iwiri. Masamba ake anali opyapyala, aatali kuposa kuchokera pa chala mpaka pa chigongono, ndipo tsamba lililonse linali ndi timasamba ting'onoting'ono tondandana mbali zonse ziwiri ngati minga za nsomba. Sanali mmodzi. Titazolowera kumuona, tinazindikira kuti malo onse a mthunzi anali odzaza ndi zomera zomwezo, chilichonse chili ndi masamba awiri kapena atatu basi. Popeza linali Sabata sitinakumbe. Tinasanjika miyala itatu kuti tisasochere, n'kubwerera mawa lake ndi kakhasu.

Nkhalangoyo ndi ya mudzi, ndiye tinayamba tapita kwa a nyakwawa kukapempha. Anatiyang'ana, nayang'ana kakhasu kathu, n'kuseka. "Udzu womwewu mukuchita kupempha? Tengani, ana anga. Bola musathyole mitengo." Tikunena izi chifukwa m'nkhalango zotetezedwa ndi boma nkhani yake ndi ina: kumeneko munthu sazula chomera popanda chilolezo cha Dipatimenti ya za Nkhalango.

Pokumba tinapeza chinthu chomwe sitinachiganizire. Kuchokera pa tsinde la chomeracho panali timizu tonga ulusi toyanga pansi pa masamba owola, ndipo pa timizuto panali timbatata tating'ono, totalika pang'ono, kukula kwake ngati nsonga ya chala. Tinazula zomera zitatu zokha pamodzi ndi dothi lake. M'ndowa tinayala timiyala pansi, pamwamba pake tinaika dothi lakuda la pansi pa mitengo losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje, magawo awiri a dothi pa gawo limodzi la mchenga. Ndowayo tinaiika pomwe dzuwa limafika m'mawa mokha. Patangotha sabata ziwiri tsamba latsopano linatuluka, ife n'kudziona ngati akatswiri.

Dzina tinalipeza tsiku lomwelo, kapena tinene kuti tinkaganiza choncho. Tinajambula chithunzi pa foni, tinafufuza pa intaneti, ndipo zithunzi zofanana nazo zinabwera zambirimbiri, zonse zolembedwa kuti Boston fern. Ameneyu ndi fern uja amalendewera m'miphika pa makonde a mahotela ndi m'maofesi. Tinalemba dzinalo ndi zilembo zikuluzikulu pa kachidutswa ka katoni, n'kukasomeka m'ndowa. Kenako tinatenga tsamba limodzi kupita nalo kwa aphunzitsi athu a Biology, osati kukafunsa koma kukaonetsa.

Iwo analitembenuza tsambalo n'kutifunsa: "Kunsi kuno mwayang'anako?" Tinayang'anizana. Kunsiko tinali titayang'anako ndithu, koma mwa njira yochititsa manyazi. Tinali titaona timadontho tabulawuni tondandana pafupi ndi m'mphepete mwa timasamba, ndipo tinaganiza kuti ndi mazira a tizilombo. Mmodzi wa ife anakhala madzulo athunthu akutipala ndi chikhadabo, n'kutsuka masambawo ndi madzi a sopo. Aphunzitsiwo sanaseke, ngakhale tinaona kuti akuchita kudzigwira. Anatipatsa galasi lokulitsa zinthu n'kutiuza kuti tiyang'ane bwino.

Timadontho timeneto ndi nkhokwe za chomeracho. M'kadontho kalikonse muli timatumba tambirimbiri, ndipo m'katumba kalikonse muli fumbi losalala lomwe akatswiri amalitcha ma spore. Fumbi limeneli ndi lomwe fern amaberekera m'malo mwa njere. Pa galasi lija tinaona kuti kadontho kalikonse kali ndi kachivundikiro kopyapyala, kozungulira koma kolowa mkati mbali imodzi. Aphunzitsi anafunsa kuti kakufanana ndi chiyani. Mnzathu amene amakonda Anatomy anayankha msanga kuti impso. Anali atalasa. Gulu la ma fern amenewa limatchedwa Nephrolepis, dzina lomwe katswiri wa ku Austria, Heinrich Schott, analipereka mu 1834. Linachokera ku mawu awiri a Chigiriki: nephros, kutanthauza impso, ndi lepis, kutanthauza mamba. Ndi nephros yemweyo timakumana naye m'kalasi tikamaphunzira za nephron ndi matenda a impso.

Tsiku limenelo tinaphunzira kuti fern samudziwira kumaso, amamudziwira kumsana. Pa kaphiri komweko pali ena awiri omwe tinawayerekeza. Woyamba ndi Pteridium aquilinum, wamtali, wa masamba otambalala ogawikana katatu, yemwe amakonda malo ogwetsedwa mitengo ndiponso opserera, ndipo wafalikira kwambiri pa Nyika. Iye alibe timadontho. Fumbi lake limabisala mumzere wautali pansi pa mphepete mwa tsamba mopindikira mkati. Ameneyu ndi wa poizoni, ndipo ng'ombe zikamudya kwa nthawi yaitali zimatha kuyamba kukodza magazi. Wachiwiri ndi Pellaea calomelanos, wa m'ming'alu ya miyala, wa timasamba tolimba totuwira ndi kamtengo kakuda konyezimira ngati waya. Nayenso fumbi lake limatsata mphepete mwa tsamba. Wathu yekha ndi amene anali ndi timadontho tapatokhapatokha tovala impso. Pamwamba pa timasamba take panalinso timadontho toyera, tomwe ndi laimu wotsalira chomeracho chikatulutsa madzi.

Choncho banja tinali titalipeza, popeza Boston fern nayenso ndi Nephrolepis. Koma kudziwa mfunda wa munthu si kudziwa dzina lake. Aphunzitsi anatikumbutsa za timbatata tija. Boston fern, yemwe dzina lake lenileni ndi Nephrolepis exaltata, alibe timbatata. Tinabwerera ku intaneti, n'kupeza wina wa timbatata wotchedwa Nephrolepis cordifolia, yemwe anthu amabzala m'mabedi a maluwa m'matauni ambiri. Tinafufuta dzina loyamba lija n'kulemba lachiwiri. Titawauza, aphunzitsi anatibwereka buku lawo lakale, gawo la ma fern la Flora Zambesiaca lomwe analemba E. A. Schelpe n'kutuluka mu 1970, lofotokoza zomera za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Botswana. Anangoti: "Werengani, koma musathamange. Dikirani mvula ithe." Bukulo tinalitsegula, tinaona Chingerezi chake cholimba, n'kuliika pansi pa mabuku ena. Mayeso anali pafupi.

Febuluwale, Malichi ndi Epulo zinthu zinayenda bwino. Ndowa inadzaza. Timadontho titada, tinathyola timasamba tingapo n'kutiika mu envulopu, ndipo patapita masiku atatu pansi pa envulopuyo panali fumbi labulawuni. Tinaisunga m'kabati.

Mu Meyi masamba anayamba kuchita chikasu. Kenako timasamba tija tinayamba kuthothoka kamodzikamodzi, kusiya timitengo tokhatokha ngati ta tsache. Tinachita zimene aliyense wamantha amachita. Tinawonjezera madzi, m'mawa ndi madzulo. Tinathira feteleza wotsala pa dimba la koleji. Tinalowetsa ndowa m'chipinda poganiza kuti ndi kuzizira, kenako tinaitulutsanso poganiza kuti ndi mdima. Chilichonse chomwe tinachita chinangoonjezera changu cha kufotako. Kenako tinayamba kulozana zala. Wina anakumbukira za madzi a sopo aja a mu Januwale. Wina anati anaona mnzake akukhuthulira m'ndowamo madzi ochapira. Anthu anayi ogona chipinda chimodzi, odyera limodzi chigumu chochokera kumudzi, tinatha masiku awiri tikungopatsana moni wa pakamwa chifukwa cha udzu. Pofika pakati pa Juni m'ndowa munalibe chobiriwira chilichonse.

Tinagwirizana kuti tingokatenga wina ku phiri, nkhani ithe. Tinakwera ndi kakhasu kathu komwe kaja. Miyala itatu ija tinaipeza, koma malowo sitinawazindikire msanga. Mitengo ya mombo ndi mchenga inali itadulidwa, kwangotsala zitsa. Chakumunsi kunali chizindikiro chakuda cha uvuni wa makala. Msuku uja anausiya, mwina chifukwa cha zipatso zake, koma unali wokhawokha, ndipo mthunzi wake sunkafikanso pa miyala iwiri ija. Moto unali utadutsa. Fern sitinaone ndi mmodzi yemwe.

Sitikufuna kunamizira kuti ife ndi oyera pa nkhaniyi. Tonse anayi kwathu timaphikira makala kapena nkhuni, monga mabanja opitirira 90 pa 100 alionse m'dziko muno. Thumba la makala lomwe amayi amagula silimera m'sitolo. Amene anadula mitengoyo n'kutheka ankafuna fizi ya mwana kapena chimanga. Koma tsiku limenelo, titaima pa phulusa, tinamva kulemera kwina. Tinkaganiza kuti zomera zitatu zomwe tinazula zinali zokhazo zopulumuka pamalopo, ndipo ifeyo tinazipha ndi manja athu. Tinatsika phiri osayankhulana, koma ulendo uno osati chifukwa cha mkwiyo.

Patapita masiku angapo tinaganiza zokhuthula ndowayo kuti tibzalemo mpiru. Tinaitengera kudzala. Tikuti tiipendeketse, anatipeza abambo aja amasamalira maluwa ndi kutchetcha kapinga, amene ambiri timangowadutsa m'mawa tikuthamangira kalasi.

"Mukutaya chiyani, ana anga?"

"Dothi, bambo. Munali maluwa athu koma anafa."

"Aja a masamba ngati nthenga aja? Taimani kaye."

Anagwada, napisa chala m'dothimo, nayamba kufukula pang'onopang'ono ngati akufuna mbatata ya pa mzere woyamba. Anatulutsa kambatata kamodzi n'kukafinya. Kanaphulika, madzi onunkha n'kutuluka. "Aka mwakapha ndi madzi." Anatulutsa kena, nakonso kowola. Kenako anatulutsa kena n'kukaika m'dzanja la mmodzi wa ife. Kanali kolimba gwa. Anapeza tolimba tisanu.

"Sichinafe ichi, chagona. Ine ndinkachiona ndili mnyamata, ndikudyetsa mbuzi kuphiri. Mvula ikatha chimasowa, mvula ikabwera chimadzuka. Bwezerani dothi lake. Ikani pamthunzi, musathirenso madzi ngakhale dontho mpaka mudzamve mabingu. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha."

Madzulo omwewo tinafukula buku lija pansi pa mabuku ena. Ulendo uno tinaliwerenga mzere ndi mzere, dikishonale ili pambali, ndipo pomwe linatikanika tinakafunsa aphunzitsi. Zomwe abambo aja anatiuza pa dzala ndi zomwe zinamasula mfundo. Nephrolepis cordifolia sagona; amakhala wobiriwira chaka chonse, masamba ake ndi olimba, ambiri pa tsinde limodzi, timasamba take n'tothithikana, ndipo timbatata take n'tozungulira, tokutidwa ndi mamba ambiri. Koma pali m'bale wake wa m'nkhalango za kuno ku Africa, Nephrolepis undulata, wa masamba ochepa ndi ofewa, wa timbatata totalikirapo, yemwe masamba ake amafa chaka ndi chaka mvula ikatha, chomera n'kudzayambiranso pa timbatata dzinja likafika. Ngakhale kuthothoka kwa timasamba kuja si matenda: pomwe kamtsamba kamalumikizana ndi kamtengo kake pali mfundo yomwe imalola kuti kagwe nthawi yake ikakwana. Woyamba kumutola ndi kumupatsa dzina anali Adam Afzelius wa ku Sweden, wophunzira wa Carl Linnaeus, yemwe anakhala ku Sierra Leone m'zaka za m'ma 1790.

Chomwe chinatipweteka n'chakuti zizindikiro zambiri tinali nazo m'manja kuyambira mu Januwale. Timbatata tinatigwira tokha, ndipo tinaona kuti si tozungulira. Masamba tinawawerenga, awiri kapena atatu pa chomera. Koma tinali titalemba kale dzina pa katoni, ndiye chilichonse chosagwirizana ndi dzinalo tinkachinyalanyaza. Kenako chizindikiro chachikulu kuposa zonse chitabwera, chomera chikutiuza chokha kuti ndine uje, ife tinachitcha imfa n'kuyamba kuchipatsa mankhwala. Ena mwa ife tikuphunzira ntchito yosamalira odwala, ndipo phunziro limeneli silinatidutse: amene wathamangira kutchula matenda amasiya kumvetsera wodwalayo. Katoni yachitatu tinailemba ndi pensulo.

Miyezi yotsatira inali yovuta m'njira ina. Kusamalira chinthu pochisiya chokha n'kovuta kuposa kuchithirira. Julayi, Ogasiti, Seputembala, ndowa ili phee. Dzuwa la Okutobala litafika dothi linang'ambika, ndipo kangapo konse mmodzi wa ife anagwidwa atanyamula kapu ya madzi akulowera kuseri. Pa tchuthi tinaisiya m'manja mwa abambo aja, omwe anaiika pansi pa shedi yawo ya zipangizo.

Pofuna kudzitangwanitsa tinakumbukira envulopu ija ya m'kabati. Ulendo woyamba tinangowaza fumbilo pa dothi lonyowa m'kachidebe ka majarini. Patatha sabata zitatu munamera chuku ndi ndere, zina zonse n'kukwiririka. Ulendo wachiwiri tinatsata malangizo a aphunzitsi. Tinatsuka kachidebe bwinobwino, tinaikamo dothi losefa, tinathirapo madzi owira kuti tizilombo ndi mbewu za zomera zina zife, n'kuvundikira mpaka litazizira. Kenako tinawaza fumbi pang'ono kwambiri pamwamba, osakwirira, n'kumanga pulasitiki yoonekera mkati. Tinakaika pawindo lowala koma losafika dzuwa.

Patapita mwezi ndi theka pamwamba pa dothi panachita kabiriwiri ngati pa khoma lonyowa. Patapitanso mwezi kabiriwiriko kanasanduka tizinthu tathyathyathya tooneka ngati mtima, tosaposa chikhadabo cha kachala kakang'ono. Sitinkafanana ndi fern ngakhale pang'ono, ndipo tikanakhala anthu a mu Meyi aja tikanataya. Koma apa m'pamene pagona chinsinsi cha zomera zimenezi. Fumbi lija silimera fern mwachindunji. Limamera kamtima kameneka, komwe ndi chomera pachokha, ndipo kunsi kwake kumapangika mbewu yaimuna ndi dzira. Mbewu yaimunayo imachita kusambira kuti ikafike pa dzira, ndiye pamafunika madzi, ngakhale ochepa ngati mame. Zikakumana m'pamene pamatuluka fern amene timamudziwa. Dokotala wina wa opaleshoni wogwira ntchito ku Jamaica, John Lindsay, anafotokoza mu 1794 mmene anameretsera ma fern kuchokera ku fumbi limeneli, ndipo mu 1851 Wilhelm Hofmeister wa ku Germany anaonetsa bwino kuti moyo wa zomerazi umasinthana pakati pa mibadwo iwiri imeneyi. Ife tinkangowaza madzi owiritsa ozizira kamodzi pa sabata n'kumadikira. Mwezi wachisanu katsamba koyamba kanadzuka pakati pa kamtima kamodzi, kakang'ono ngati nyerere.

Kachidebe ka majarini kaja kanatithandiza kumvetsa zomwe tinaona paphiri. Tsiku lina tinaiwala kubwezera pulasitiki, ndipo pofika madzulo timitima ta m'mphepete tinali titauma. Ngati maola ochepa pawindo angachite zimenezo, nanga pa nthaka yopanda mthunzi, yopanda masamba owola osunga chinyezi? Fern wamkulu angathe kudzibisa m'timbatata n'kupirira chilimwe. Koma ana ake ochokera ku fumbi amafuna denga la mitengo. Nkhalango ikadulidwa timawerenga mitengo yomwe yagwa, koma pansi pake pamakhala zinthu zambiri zomwe zimatha mwakachetechete, bowa wa ana aja ali m'gulu lomwelo, pakuti bowa wambiri wa m'nkhalango zotere amakhalira limodzi ndi mizu ya mombo, mchenga ndi masuku.

Chizimalupsa chinagwa kumapeto kwa Okutobala. Tinathamangira kwa abambo aja, iwo n'kuti ayi, imeneyi ndi yonamiza. Mvula yeniyeni itayamba mu Novembala anatulutsa okha ndowayo n'kuibwezera pamalo pake. Tinkapita kukaiona m'mawa uliwonse tisanapite ku chapelo. Tsiku lakhumi, pafupi ndi m'mphepete, panali kabongololo kobiriwira kodzipinda, kakang'ono ngati mutu wa machesi. Mnzathu uja wa madzi a sopo ndi amene anakaona koyamba, ndipo kufuula kwake kunadzutsa hositelo yonse. Pa timbatata tisanu, tinayi tinadzuka.

Kwa amene mukufuna kuyesa, zomwe taphunzira n'zochepa ndipo n'zosavuta. Chidebe chikhale chobooka kuti madzi asadikhe. Dothi likhale la masamba owola losakaniza ndi mchenga, ndipo feteleza wa chimanga musamuyandikize. Dzuwa la m'mawa ndi lokwanira. La masana limawaula masamba. M'dzinja dothi lizikhala lonyowa koma osati matope. Masamba akayamba chikasu mvula itatha, chepetsani madzi, kenako siyiranitu. Ngati mukufuna kuchulukitsa, gawani timbatata nthawi yomwe chomera chagona, kapena tengani kamtsamba kamodzi ka timadontho takupsa m'malo mozula chomera chonse. Ma fern aatali ngati mitengo aja musawazule n'komwe. Amakula pang'onopang'ono ndipo ambiri amafera m'miphika. Amene muli ndi Nephrolepis cordifolia m'mabedi a maluwa musataye zozula zake m'tchire kapena kumtsinje, chifukwa amayanga msanga n'kupitikitsa zomera za pamalopo, moti ku South Africa ali pa mndandanda wa zomera zowononga. Ndipo pozindikira fern aliyense, tembenuzani tsamba, fukulani pang'ono muone za pansi, lembani tsiku ndi malo, kenako mubwerenso nyengo ina. Ife taumitsa tsamba limodzi ndi kambatata kake pakati pa nyuzipepala, ndipo tikufuna kukaliyerekeza ndi zomwe amasunga ku National Herbarium ku Zomba. Mpaka tsiku limenelo dzina likhalabe la pensulo.

Sabata lapitali tinakweranso kaphiri kaja, patatha chaka chathunthu chiyambire. Zitsa za mombo ndi mchenga zaphuka, mphukira zina zafika m'chiuno, chifukwa mitengo imeneyi mizu yake siifa msanga. Pakati pa miyala iwiri ija tinapeza ma fern asanu ndi awiri. Timbatata tawo tinapulumuka moto pansi pa nthaka. Koma ndi aafupi, otumbuluka, nsonga zawo zowauka ndi dzuwa, ndipo pomwe chaka chatha panali podzaza pamera udzu wautali. Tinali titalakwitsa poganiza kuti athu ndi okhawo otsala, ndipo tinasangalala kulakwitsa. Komabe ngati mphukirazo zidulidwanso kapena kupsa chaka chino ndi chamawa, sitikukhulupirira kuti asanu ndi awiriwo adzapirira mpaka kalekale. Tinadzera kwa a nyakwawa kukawauza zomwe tinaona. Anatikumbukira, natitcha ana a udzu aja, ndipo anati nkhani ya moto ndi mphukira aikamba pa msonkhano wa mudzi. Zomwe adzagwirizane ndi za eni mudzi.

M'kachidebe ka majarini muli tiana 11, tomwe tatisamutsira m'timachubu ta pulasitiki. Tinkafuna kukatibzala kuphiri mwezi uno, koma abambo aja atiletsa. Akuti tidikire mphukira zija zipange mthunzi, mwina zaka zitatu kapena zinayi. Vuto ndi lakuti ife tikumaliza maphunziro chaka chino.

Pempho lathu ndi limeneli. Tikufuna anthu awiri kapena atatu a chaka choyamba, a ku hositelo iliyonse, oti tiwasiyire ndowa, timachubu ndi kope lomwe timalembamo masiku. Ntchito yake si yambiri: kuthirira m'dzinja, kusiya m'chilimwe, kukwera phiri kawiri pa chaka kukaona mthunzi pomwe wafika, ndi kumvera abambo osamalira maluwa. Mutipeza kuseri kwa hositelo ya atsikana madzulo aliwonse tikamaanula zovala. Ndipo kwa nonse otsala, makamaka a komiti ya ukhondo: mu Juni mukadzaona ndowa yabuluu ya dothi louma lokhalokha, chonde musadzakhuthule.